Madalitso a mafuko a Israyeli

Madalitso a mafuko a Israyeli ndi mawu otsiriza amene Yakobo ndi Mose adalankhula onena za mafuko 12 a Israyeli, aliyense atatsala pang'ono kumwalira. Mawuwa ali m'malo awiri m'Chipangano Chakale. Pa Genesis 49 Yakobo akulankhula kwa ana ake aamuna ali ku Ejipito, ndipo pa Deuteronomo 33 Mose akudalitsa mafuko ali m'dziko la Mowabu, kutsidya kwa mtsinje wa Yordano. Ndime zonse ziwiri ndi ndakatulo, ndipo akatswiri ambiri a Chiheberi amaziika m'gulu la zolembedwa zakale kwambiri za m'Baibulo. Zimafotokoza khalidwe la fuko lililonse, dera limene linkakhala, chuma chake ndiponso malo ake pakati pa mafuko anzake. N'chifukwa chake ophunzira mbiri ya Israyeli amazigwiritsa ntchito ngati umboni, pamene Ayuda ndi Akhristu akhala akuziwerenga ngati ulosi, makamaka mawu onena za fuko la Yuda.

Tanthauzo la dalitso pakati pa Aisrayeli akale

M'Chiheberi dalitso limatchedwa berakha. Kwa Aisrayeli akale dalitso linkakhudza zinthu zooneka ndi maso: ana ambiri, ziweto, mvula, nthaka yachonde ndi kupambana pa nkhondo. Bambo wokalamba ankadalitsa ana ake m'dzina la Mulungu, ndipo anthu ankakhulupirira kuti mawu otere akatuluka sabwezedwa. Chitsanzo chodziwika chili pa Genesis 27, pamene Isake adadalitsa Yakobo poganiza kuti ndi Esau. Chinyengocho chitaululika, Isake sadathe kulanda dalitso limene anali atapereka kale.

Dalitso linkayendera limodzi ndi ukulu wa mwana woyamba kubadwa. Lamulo la pa Deuteronomo 21:17 limati mwana wamwamuna wachisamba alandire magawo awiri a chuma cha bambo ake, ngakhale mayi ake atakhala mkazi wosakondedwa. Komabe m'buku la Genesis nthawi zambiri wamng'ono ndiye amapita patsogolo. Isake adaposa Ismaele, Yakobo adaposa Esau, ndipo Efraimu adaposa Manase. Madalitso a Yakobo akupitiriza mchitidwe womwewu, pakuti ulemu wa Rubeni ukugawidwa kwa azing'ono ake awiri, Yuda ndi Yosefe.

Mawu otsanzikana a mtsogoleri ndi ofala m'Baibulo. Yoswa adatsanzika anthu pa Yoswa 23 ndi 24, Samueli pa 1 Samueli 12, ndipo Davide adalangiza Solomo pa 1 Mafumu 2. Chimene chimasiyanitsa Genesis 49 ndi Deuteronomo 33 ndi mawu enawa n'chakuti ndime ziwirizi zimatchula mafuko limodzi ndi limodzi.

Ana a Yakobo ndi chiwerengero cha 12

Yakobo, amene adapatsidwanso dzina lakuti Israyeli, adabereka ana mwa akazi anayi. Leya adabereka Rubeni, Simeoni, Levi, Yuda, Isakara ndi Zebuloni, komanso mwana wamkazi dzina lake Dina. Rakele, mng'ono wake wa Leya, adabereka Yosefe ndi Benjamini. Biliha, mdzakazi wa Rakele, adabereka Dani ndi Nafitali, pamene Zilipa, mdzakazi wa Leya, adabereka Gadi ndi Aseri. Nkhani ya kubadwa kwawo ili pa Genesis 29 ndi 30, kupatula ya Benjamini imene ili pa Genesis 35. Dina sakutchulidwa m'madalitso, chifukwa mafuko ankawerengedwa potsata ana aamuna.

Mndandanda wa mafuko umasintha m'mabuku osiyanasiyana, koma chiwerengero cha 12 chimasungidwa. Levi akawerengedwa, Yosefe amakhala fuko limodzi. Levi akasiyidwa chifukwa choti sadalandire dera lake, monga pa kalembera wa pa Numeri 1 ndi 26, Yosefe amagawika kukhala mafuko awiri, Efraimu ndi Manase. Maziko a zimenezi ali pa Genesis 48, pamene Yakobo adatenga zidzukulu zake ziwirizi kuti zikhale ngati ana ake enieni, ndipo adapingasitsa manja ake kuti lamanja likhale pa Efraimu, amene anali wamng'ono. Motero Yosefe adalandira magawo awiri a mwana wachisamba. Buku la 1 Mbiri 5:1-2 limalongosola chimodzimodzi: ukulu udachoka kwa Rubeni kupita kwa ana a Yosefe, koma mtsogoleri adachokera kwa Yuda.

Chiwerengero cha 12 chimapezekanso pa ana a Ismaele pa Genesis 25 ndi pa ana a Nahori pa Genesis 22. Solomo nayenso adaika akapitawo 12 oti azidyetsa nyumba ya mfumu, aliyense mwezi umodzi pa chaka. Liwu la Chiheberi lakuti shevet limatanthauza fuko komanso ndodo, chifukwa fuko linali gulu la anthu okhala pansi pa ndodo ya mtsogoleri mmodzi.

Madalitso a Yakobo

Malinga ndi Genesis 47:28, Yakobo adakhala ku Ejipito zaka 17 ndipo adamwalira ali ndi zaka 147. Mawu ake kwa ana ake ali pa mavesi 3 mpaka 27 a chaputala 49. Akuyamba ndi ana asanu ndi mmodzi a Leya, kenaka ana anayi a adzakazi, n'kumalizira ana awiri a Rakele. Vesi 28 limatcha zonsezi madalitso, ngakhale kuti ana atatu oyamba akulandira chidzudzulo. Pa chifukwa chimenechi akatswiri ena amakonda kuitcha ndimeyi mawu otsiriza a Yakobo. Mwa mavesi 25 amenewa, Yuda ali ndi asanu ndipo Yosefe alinso ndi asanu, zomwe zikuonetsa mafuko amene anali ndi mphamvu kumwera ndi kumpoto kwa dzikolo.

Rubeni akuyamba kutamandidwa ngati mwana woyamba, koma nthawi yomweyo akuchotsedwa pa ukulu chifukwa adagona ndi Biliha, mkazi wa bambo ake, monga ikunenera Genesis 35:22. Akufanizidwa ndi madzi osakhazikika. Fuko la Rubeni lidakhala kum'mawa kwa Nyanja Yakufa, ndipo Baibulo silitchula mfumu kapena woweruza aliyense wochokera m'fukoli.

Simeoni ndi Levi akutchulidwa pamodzi chifukwa cha zimene adachita ku Sekemu pa Genesis 34, pamene adapha amuna onse a mumzindawo pobwezera chipongwe chimene chidachitikira mlongo wawo Dina. Yakobo akutemberera mkwiyo wawo ndi kunena kuti adzabalalika pakati pa Israyeli. Pa Yoswa 19 midzi ya Simeoni ili m'kati mwa dera la Yuda. Pa kalembera woyamba wa m'chipululu fuko la Simeoni linali ndi amuna 59,300, koma pa wachiwiri linali ndi 22,200 okha. Alevi sadapatsidwe dera, koma adalandira midzi 48 yomwazikana pakati pa mafuko ena.

Yuda akulandira mawu a ufumu. Dzina lake limamveka mofanana ndi liwu la Chiheberi lotanthauza kutamanda, ndipo ndakatuloyi ikugwiritsa ntchito kufananaku ponena kuti abale ake adzamutamanda ndi kumugwadira. Akufanizidwa ndi mkango, akulonjezedwa ndodo yachifumu yosachoka m'banja lake, ndiponso dziko la mphesa ndi mkaka wochuluka. Pa vesi 10 pali liwu lakuti Silo, limene lavuta omasulira kuyambira kale. Ena amati ndi dzina la mudzi wa Silo kumene kunali chihema cha Mulungu m'nthawi ya oweruza. Ena amati ndi dzina la munthu amene adzabwera. Ena amaligawa kuti litanthauze mwini wake wa ndodoyo, poyerekeza ndi Ezekieli 21:27, ndipo enanso amati likunena za msonkho umene mitundu idzapereka kwa mfumu.

Mafuko asanu ndi limodzi otsatira ali ndi mawu aafupi. Zebuloni akunenedwa kuti adzakhala m'mbali mwa nyanja, pafupi ndi zombo ndi mzinda wa Sidoni, ngakhale kuti pa Yoswa 19 dera lake lili kumtunda m'Galileya. Isakara akufanizidwa ndi bulu wamphamvu amene adaona kuti dziko ndi labwino, choncho adalola kusenza katundu ndi kugwira ntchito yokakamizidwa. Dani, dzina lochokera ku liwu lotanthauza kuweruza, akufanizidwa ndi njoka ya m'njira imene imagwetsa wokwera pa kavalo, chithunzi cha fuko laling'ono lomenya nkhondo mobisalira. Samsoni anali wa fuko limeneli, ndipo Oweruza 18 amafotokoza mmene fukoli lidasamukira kumpoto n'kulanda mzinda wa Laisi. Mawu a Dani atatha pali pemphero lalifupi la pa vesi 18, loyembekezera chipulumutso cha Mulungu. Vesi la Gadi lili ndi mawu asanu ndi limodzi m'Chiheberi, ndipo anayi mwa mawuwo akumveka ngati dzina lake: achifwamba adzamuukira, koma iye adzawathamangitsa. Aseri akulonjezedwa chakudya chonona choyenera mafumu, ndipo Nafitali akufanizidwa ndi nswala yoyenda momasuka.

Yosefe ndiye akulandira dalitso lenileni, pakuti m'mavesi ake okha ndi mmene liwu lakuti dalitso likubwerezedwabwerezedwa. Akufanizidwa ndi mtengo wobala zipatso pafupi ndi kasupe, wolasidwa ndi adani koma wosagonja. Akulonjezedwa madalitso a kumwamba, a madzi a pansi pa nthaka, a ubereki ndi a mapiri akalekale. Benjamini akufanizidwa ndi mmbulu wolusa. M'fuko limeneli mudachokera woweruza Ehudi ndi mfumu Sauli, ndipo Oweruza 19 mpaka 21 amasimba za nkhondo imene fukoli lidamenyana ndi mafuko ena onse mpaka lidatsala pang'ono kutha. Atamaliza kulankhula, Yakobo adalamula kuti akamuike m'phanga la Makipela, pafupi ndi Hebroni.

Madalitso a Mose

Deuteronomo 33 ali ndi mavesi 29. Amayamba ndi nyimbo yotamanda Mulungu wobwera kuchokera ku Sinai, Seiri ndi Parani kudzakhala mfumu ya mafuko osonkhana pamodzi, ndipo amamaliza ndi nyimbo ina yonena za chitetezo cha Israyeli. M'nyimbozi Israyeli akutchedwa Yesuruni, dzina la m'ndakatulo limene limagwirizana ndi liwu lotanthauza kuongoka. Chaputala chotsatira chimasimba za imfa ya Mose pa phiri la Nebo ali ndi zaka 120.

Mosiyana ndi Yakobo, Mose sakudzudzula fuko lililonse. Mawu ambiri ali ngati mapemphero. Rubeni akupemphereredwa kuti asathe, chizindikiro chakuti fukoli linali litachepa. Yuda ali ndi vesi limodzi lokha, lopempha kuti Mulungu amubwezere kwa anthu ake ndi kumuthandiza pa adani. Simeoni sakutchulidwa n'komwe, ngakhale kuti mipukutu ina ya Baibulo la Chigiriki, monga Codex Alexandrinus, idaika dzina lake m'gawo lachiwiri la vesi la Rubeni.

Kusintha kwakukulu kuli pa Levi. Pa Genesis 49 ndi munthu wachiwawa wobalalitsidwa, koma pano ndi wansembe wosunga Urimu ndi Tumimu, zipangizo zofunsira chifuniro cha Mulungu, wophunzitsa malamulo ndi wopereka nsembe. Akuyamikiridwa chifukwa adaika pangano patsogolo pa abale ake, zomwe zikukumbutsa nkhani ya fano la mwanawang'ombe pa Eksodo 32. Kubalalika kumene kudali chilango kudasanduka ntchito, popeza ansembe ndi aphunzitsi ankafunika pakati pa mafuko onse.

Benjamini akutchedwa wokondedwa wa Mulungu, wokhala motetezedwa. Yosefe alinso ndi mavesi asanu, ndipo mawu ake akufanana kwambiri ndi a pa Genesis: mame, madzi a pansi pa nthaka, zipatso zopsa ndi dzuwa, ndi chuma cha m'mapiri. Akufanizidwa ndi ng'ombe yamphongo yoyamba kubadwa, ndipo Efraimu akupatsidwa chiwerengero choposa cha Manase. Zebuloni ndi Isakara akutchulidwa pamodzi, akuitanira anthu ku nsembe pa phiri limene ambiri amati ndi Tabori, ndiponso akupindula ndi chuma cha m'nyanja ndi cha mumchenga. Gadi akufanizidwa ndi mkango umene udadzisankhira dera labwino. Dani ndi mwana wa mkango wolumpha kuchokera ku Basani, dera la kumpoto, zomwe zikugwirizana ndi nthawi imene fukoli linali litasamuka kale. Nafitali akupatsidwa dera la kunyanja ya Galileya, ndipo Aseri akulonjezedwa mafuta a azitona ochuluka ndi malinga olimba.

Nyimbo ya Debora ndi nthawi imene ndimezi zidalembedwa

Ndakatulo yachitatu yotchula mafuko ndi nyimbo ya Debora pa Oweruza 5. Imayamikira Efraimu, Benjamini, Makiri, Zebuloni, Isakara ndi Nafitali chifukwa chopita ku nkhondo yomenyana ndi Sisera, ndipo imadzudzula Rubeni, Gileadi, Dani ndi Aseri chifukwa chotsala. Magulu ake ndi khumi. Yuda, Simeoni ndi Levi mulibe, ndipo Makiri ndi Gileadi akutchulidwa pamene wowerenga angayembekezere Manase ndi Gadi. Akatswiri ambiri amaona apa umboni wakuti mndandanda wa mafuko 12 udakhazikika pang'onopang'ono.

Mwambo wa Ayuda ndi wa mipingo yambiri umati Mose ndiye adalemba mabuku asanu oyamba a Baibulo, ndipo mawu a Yakobo ndi ulosi wa zinthu zimene zidachitika pambuyo pake. Akatswiri ofufuza mbiri ya zolembedwa amati ndime ziwirizi zidapangidwa posonkhanitsa mawu aafupi onena za mafuko, amene poyamba ankayenda pakamwa ngati miyambi ndi mayina otamandira. Hermann Gunkel wa ku Germany ankaphunzitsa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mu 1930 Martin Noth adalemba kuti mafuko 12 anali mgwirizano wosamalira malo amodzi opembedzera, monga ankachitira Agiriki akale, koma akatswiri ambiri a pambuyo pake adasiya maganizowa chifukwa chosowa umboni. Frank Moore Cross ndi David Noel Freedman a ku America, poyang'ana kalembedwe ndi galamala, adati ndakatulozi n'zochokera m'nthawi ya oweruza, ufumu usanayambe. Ena amati mawu onena za Yuda adalembedwa m'nthawi ya mafumu a banja la Davide, amene adayamba kulamulira cha m'ma 1000 BC. Amatinso Deuteronomo 33 adachokera ku ufumu wa kumpoto, dzikolo litagawikana cha m'ma 930 BC, chifukwa amakweza Yosefe ndipo amaona Yuda ngati wopatuka kwa abale ake.

Pali miyala yolembedwa imene imathandiza pa nkhaniyi. Mwala wa Farao Merneptah, wa cha m'ma 1208 BC, umene Flinders Petrie adaupeza ku Thebes mu 1896, ndiwo cholembedwa chakale kwambiri kunja kwa Baibulo chotchula Israyeli momveka bwino, ndipo umamutchula ngati gulu la anthu a m'Kanani. Mwala wa Mesa mfumu ya Mowabu, wa cha m'ma 840 BC, udapezeka ku Dhiban mu 1868 ndipo tsopano uli ku Louvre mumzinda wa Paris. Umanena kuti anthu a Gadi ankakhala m'dera la Ataroti kuyambira kale. Mafuko a kumpoto adatha ngati magulu odzilamulira pamene Asuri adalanda Galileya ndi Gileadi cha m'ma 732 BC ndi kugwetsa Samariya mu 722 BC. Mfumu Sargon II idalemba kuti idatenga anthu oposa 27,000 ku Samariya. Apa ndi pamene padachokera nkhani ya mafuko khumi otayika.

Mmene Ayuda ndi Akhristu adawerengera madalitsowa

Ayuda akale ankaona Mesiya pa Genesis 49:10. Mpukutu wina wa ku Qumran, wotchedwa 4Q252, umamasulira vesili kuti likunena za Mesiya wa m'banja la Davide, ndipo Targum Onkelos, Baibulo la Chiaramu, imachitanso chimodzimodzi. Mpaka lero mabanja achiyuda amadalitsa ana awo aamuna madzulo a Lachisanu potchula Efraimu ndi Manase. Mu 1962 mawindo 12 a magalasi amene Marc Chagall adajambula potsata madalitsowa adaikidwa m'sunagoge wa pachipatala cha Hadassah ku Yerusalemu.

M'Chipangano Chatsopano, Ahebri 7:14 amati Yesu adachokera m'fuko la Yuda, ndipo Chivumbulutso 5:5 chimamutcha mkango wa fukoli. Paulo ankadzitchula wa fuko la Benjamini, mneneri Anna wa pa Luka 2 anali wa fuko la Aseri, ndipo Barnaba anali Mlevi. Chivumbulutso 7 chimatchula anthu 12,000 a fuko lililonse, onse pamodzi 144,000. Mndandandawu umayamba ndi Yuda ndipo Dani mulibe. Irenaeus ndi Hippolytus, aphunzitsi a mpingo wakale, adalumikiza kusowa kwa Dani ndi chithunzi cha njoka, n'kumaphunzitsa kuti wokana Khristu adzachokera m'fukoli, ngakhale kuti Baibulo silinena zimenezi.

Mu Africa

Mafumu a ku Ethiopia ankati ndi zidzukulu za Solomo, monga likufotokozera buku la Kebra Nagast la m'zaka za m'ma 1300, ndipo mkango wa Yuda unali chizindikiro chawo. Haile Selassie adavekedwa ufumu pa 2 Novembala 1930 ali ndi dzina laulemu lotchula mkangowu. Kuchokera apa chizindikirochi chidalowa m'chipembedzo cha Rastafari, chimene chilinso ndi otsatira ku Malawi. Mu 1968 Vernon Carrington adayambitsa ku Jamaica gulu la Twelve Tribes of Israel, limene limapatsa munthu fuko potsata mwezi umene adabadwa. Mu 1973 Rabi Ovadia Yosef adagamula kuti Ayuda a ku Ethiopia, otchedwa Beta Israel, ndi a fuko la Dani, ndipo ambiri mwa iwo adasamutsidwira ku Israel mu 1984 ndi 1991. Alemba a ku Zimbabwe ndi South Africa nawonso amati makolo awo anali Ayuda.

Ku Malawi

Amalawi ambiri adayamba kuwerenga ndimezi m'Buku Lopatulika la 1922, limene lidamasuliridwa ndi amishoni a Dutch Reformed Church ndi a Church of Scotland pamodzi ndi Amalawi owathandiza, motsogozedwa ndi William Murray. Akatolika adatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti adamasulira pamodzi, lidatuluka mu 1998. Omasulira adayenera kupeza mayina a nyama zosapezeka m'dziko muno. Chilombo cha Benjamini adachitcha mmbulu, dzina la galu wam'tchire wa mu Africa, ndipo ng'ombe yam'tchire ya m'dalitso la Yosefe, imene mtundu wake udatha padziko mu 1627, adaitcha njati. Buku Lopatulika lidasunga liwu lakuti Silo ngati dzina.

Ndimezi zimamveka mwa njira yake m'madera a chikamwini, monga boma la Phalombe kumpoto kwa phiri la Mulanje, kumene Alomwe, Amang'anja ndi Ayawo amatsata mbumba kuchokera kwa mayi. Kumeneko munda umayenda m'bere la mayi ndipo malume ndiye mwinimbumba, pamene m'Genesis dzina ndi cholowa zimachokera kwa bambo. Komabe pali zofanana. Yakobo adakwatira asuweni ake, ana a malume ake Labani, ndipo adakhala kuchikamwini zaka 20, zaka 14 akugwirira ntchito akazi ake ndi 6 akugwirira ziweto. Pamene adachoka ndi banja lake, Labani adamutsatira n'kunena kuti akaziwo ndi anawo ndi ake, monga mmene angalankhulire mwinimbumba. Ngakhale m'madalitso enieniwo ana aikidwa potsata amayi awo, ngati mabere a mbumba imodzi. Nawonso Alomwe ali ndi magulu a mayina awo, monga Amihavani, Atakhwani, Amanyawa ndi Akokhola, amene amadziwika ndi dzina limodzi.

Mawu onena za Isakara akukhudza mbiri ya dera lomweli. Liwu la Chiheberi la ntchito yokakamizidwa ndi lomwe likupezeka pa 1 Mafumu 5, pamene Solomo adasonkhanitsa amuna 30,000 kuti akagwire ntchito ku Lebanoni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique adapeza malo okhala m'maesiteti a azungu kumwera kwa Nyasaland, ndipo malipiro a malowo anali thangata. Thangata linali limodzi mwa madandaulo amene adabweretsa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915.

Dalitso la Yosefe limanena za mapiri ndi madzi chifukwa dera la Efraimu ndi Manase linkadalira mvula, mame ndi akasupe, mosiyana ndi Ejipito amene ankathirira ndi mtsinje wa Nailo. Mapiri ake ndi aafupi poyerekeza ndi Mulanje. Gerizimu ndi Ebala, kumene Deuteronomo 27 adaika mafuko asanu ndi limodzi kumbali ya madalitso ndi asanu ndi limodzi kumbali ya matemberero, onse safika mamita 1,000, pamene nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Mbali ya Phalombe imalandira mvula yochepa kusiyana ndi mbali ya tiyi ya kumwera, ndipo imadalira mitsinje yochokera m'phiri monga Phalombe ndi Sombani, yothira m'chigwa cha nyanja ya Chilwa. Liwu lakuti tehom, lotanthauza madzi akuya a pansi pa nthaka, ndi dalitso pa Genesis 49:25, koma pa Genesis 7:11 ndi madzi omwewo amene adaphulika pa chigumula. Anthu a ku Phalombe adaona mbali yachiwiriyi pa napolo wa mu Malichi 1991 ndi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Mawu a kholo limene likumwalira amalemekezedwa kwambiri ku Malawi, monga umanenera mwambi wakuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo mayina monga Madalitso ndi Dalitso ndi ofala. Anthu ena amaopanso matemberero a makolo. Pa nkhaniyi Baibulo lili ndi mawu ena oyenera kuwerengedwa pamodzi ndi Genesis 49. Deuteronomo 24:16 ndi Ezekieli 18 amaphunzitsa kuti munthu aliyense amayankha mlandu wake, ndipo fuko la Levi, limene Yakobo adalidzudzula, ndi lomwe lidatulutsa Mose ndi Aroni. Pa nkhani ya chuma, lamulo la Malawi la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa ndi yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Ngati munthu wamwalira osalemba wilo, chuma chake chimagawidwa potsata lamuloli, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo ndi ana ake onse, aamuna ndi aakazi omwe.